Chitseko Chotsegulira Alendo

"Funso lachinayi," anatero bambo anga, pepala atalitalikitsa ndi maso poti magalasi anali atawaiwala kuntchito. "Chitseko chakumbuyo chimakhala chotseka kapena chotsegula?"

Mayi sanadzutse n'komwe mutu pabeseni la zochapa. "Makiyi ali m'chiuno mwanumo, ndiye mukufunsa ine?"

"Sindikufunsa ine, likufunsa ndi pepala."

"Liuzeni pepalalo likufunseni inu."

Linali Lamulungu masana, ndipo aka kanali kachitatu kuti afike pa funso lachinayi n'kugwerapo. Mafunso atatu oyambawo mayi ankawayankha bwinobwino: inde timaweruka nthawi yake, inde madzi akumwa alipo, ayi palibe amene amatikalipira. Koma akangomva za chitseko, khosi linkauma gwa. Ine ndinali khale pamkeka pakhonde, miyendo yotupa nditaisanjika pandowa, ndikuonerera mkangano waulere. Pathupi panga panali pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chitseko ankakanganiranacho chinali mapazi asanu okha kuchokera pamene ndinkaima tsiku lonse.

Tonse atatu tinkagwira ntchito pafakitale yosoka malaya kumapeto kwa tauni. Mayi ankasoka makolala, makolala okhaokha, zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinkasita, kumbuyo kwenikweni kwa holo, kumene nthunzi ya masimbi makumi awiri inkakumana n'kusowa kotulukira. Bambo anali mlonda, ndipo chifukwa cha chimtolo cha makiyi cholendewera palamba wawo, aliyense ankawatchula kuti a Makiyi. Chitsekocho ankachikhoma ndi iwo mwa lamulo la bwana, amene ankakhulupirira kuti munthu wosauka akaona khomo lotsegula, malaya amamera miyendo.

Lachisanu lapitalo kapitawo anali atatigawira mapepala. Anati pakutha pa milungu iwiri kubwera mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, wotumidwa ndi kampani imene imagula malaya athu onse, kudzaona ngati tikusungidwa bwino. Mafunso ake ndi odziwika kale, choncho bwana anatichitira chifundo potilembera ndi mayankho omwe. Chathu chinali kuloweza basi.

"Mayi ake mwana," bambo anayesanso, tsopano ndi mawu ozizira, "mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndife ndi bwana. Mungonena kuti chotsegula. Mawu amodzi, lilime silithyoka."

"Mlendo yemweyo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kameneko kadzameta ife."

Mayi anafinya siketi n'kuiponya pachingwe. Anati iwo sakukana kunama, pakuti ananamapo kale zambiri pamoyo wawo, kuphatikizapo tsiku limene anauza bambo kuti masharubu amawakhala. Chimene chinkawavuta n'kusamvetsa. Anthu okhala kutsidya kwa nyanja, amene sanationepo chibadwire, chitseko chathu chikuwakhudza bwanji? Ngati chikuwakhudza, bwanji osangomuuza bwana kuti achitsegule? Nanga bwanayo, poti yankho labwino akulidziwa mpaka kulilemba papepala, chimamuletsa n'chiyani kulichita?

Apa bambo anapinda pepala lija. Anati nyumba ino ndi mpando wa miyendo itatu, ndipo miyendo yonse yaponda pafakitale imodzi. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mayi anangondiloza ine ndi chibwano.

"Uyu atakomoka mwezi watha tinamutulutsira kuti? Tinamunyamula holo yonse, kudutsa makina mazana awiri, chitseko chili pamphuno pake pomwepo."

Bambo anayang'ana mimba yanga, kenako anayang'ana kumbali. Anati akukaona ngati madzi ayamba kutuluka kumpopi. Madziwo anali akutuluka kale, tonse tinkawamva.

Muyenera kuwadziwa mayi anga. Kuntchito ankawatchula kuti a Bwanji, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Atsikana ena ankasoka maganizo ali kwa zibwenzi, koma mayi ankasoka akufunsa. Bwanji nsalu imachokera dziko lina, mabatani dziko lina, ulusi dziko linanso, zonse n'kudzakumana pamaondo awo? Dziko la mabatanilo kulibe munthu wodziwa kugwira singano? Akagwira kolala yaikulu ankaitambasula n'kuitana woyandikana naye kuti aone, ati khosi lotere mwini wake amadya chiyani. Mwamuna wanga amayendetsa lole yonyamula makontena, n'chifukwa chake ndinabwerera kwa makolo kudzadikira tsiku langa, ndipo iye akabwera ankachita kuwazemba apongozi ake chifukwa cha mafunso. Ankawauza kuti iye amatula padoko n'kutembenuka, za kutsogolo sazidziwa. Mayi ankamuyang'ana momumvera chisoni, kuti munthu angafike pamphepete penipeni pa yankho n'kubwerera chimanjamanja. Bambo akawadzudzula, yankho linali limodzi lomwelo, safunsa anadya phula.

Milungu iwiri ija fakitale inasamba. Anapaka penti makoma, anajambula mivi yachikasu pansi yoloza kuchitseko chakumbuyo, anapachika zozimitsira moto zofiira zimene sitinazionepo. Kutatsala masiku atatu anatigawira zotchinga kukamwa, n'kutichenjeza kuti tisazidetse chifukwa zidzabwezedwa. M'mawa uliwonse makina asanalire, kapitawo ankaima pakatoni n'kumatiimbitsa mayankho. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo kapitawo wathu ankaudziwa bwino udindo umenewu. Wolakwitsa ankabwereza yekha pamaso pa anthu onse.

Tsiku la zotchinga kukamwa lomwelo anaitana bambo kuti atsegule chitseko. Loko anakana. Anathira mafuta a makina, anagogoda ndi mwala, mpaka anagonja. Atakankha chitsekocho chinalira kweee, ndipo mavu amene anamanga chisa pamwamba pake analowa m'holo kudzafunsa amene wawasokoneza. Kapitawo ndiye anayamba kuthawa, ndipo anathawira kuchipata chakutsogolo, mivi yake yachikasu akuiponda chobwerera. Tinaseka mpaka kugwira nthiti.

Mavu atapita kunalowa mphepo. Sindidziwa ndinganene bwanji. Zaka zinayi ndikusita pamalo amodzi, sindinkadziwa kuti kuseri kwa khoma limenelo kuli mtengo wa mango ndi udzu, ndiponso kuti masana kumaomba kamphepo. Tsiku limenelo ndinaweruka mutu usakuwawa, ndipo mwana m'mimba anasewera njira yonse. Mayi anandiona ndikudya ndi mtima wonse madzulo ake, osanena kanthu. Kusafunsa kwawoko ndi kumene kunandiopsa.

Mlendo anafika Lachinayi. Tinkayembekezera chimunthu cha khosi la makolala aja, koma anatsika m'galimoto mayi wochepa thupi, wa nsapato zafulati, nkhope yotopa ndi ulendo, ali ndi mtsikana womasulira amene anabwera naye yekha. Ine anali atandichotsa kosita n'kundikhazika kutsogolo pampando wa khushoni, ndikupinda malaya pang'onopang'ono, kuti mlendo aone mmene amayi oyembekezera amasamalidwira. Mlendoyo anayendera holo, anagwira zozimitsira moto, anasuzumira kuchimbudzi, anaima pachitseko chakumbuyo n'kulemba. Kenako anati akufuna amayi asanu ndi mmodzi oti acheze nawo paokha, ndipo asankha yekha. Anandiloza ine. Anayenda pakati pa makina, n'kuima pamene mayi ankatembenuza kolala ndi zala ziwiri osayang'anako. Anaonerera kanthawi, n'kuwaloza. Ndinaona kapitawo akumeza malovu.

Anatilowetsa m'chipinda chodyera, chitseko n'kutseka. Ndinene zoona, mayi anga anakhoza mayeso. Funso lachinayi litafika anati "chotsegula," mawu osanjenjemera, maso ali patebulo. Mafunso onse khumi anatha monga mmene analembedwera, ndipo mlendoyo ankangolemba ndi nkhope ya munthu amene nyimboyi anaimvapo m'mayiko ambiri. Mtima wanga unakhala pansi. Anatseka kope lake, anatithokoza, n'kunena kanthu kena kamene womasulira anatipatsira mosalabadira.

"Akuti ngati pali amene ali ndi funso, afunse."

Limeneli papepala panalibe. Bwana ndi nzeru zake zonse sanaganize kuti mlendo angapereke mpata wotere, komanso kuti angaupereke kwa a Bwanji. Zaka khumi ndi chimodzi akufunsa anthu osadziwa kanthu, lero mwini mayankho anali khale patsogolo pawo. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, koma phazilo analisuntha.

Anayamba ndi makosi. Mlendoyo anaseka, nkhope n'kutsitsimuka, ndipo anati inde, anthu otero aliko, mchimwene wake ndi mmodzi. Mayi anafunsa za mabatani ndi ulusi, ndipo mlendoyo anawafotokozera kuti chinthu chilichonse chimapangidwa kumene chimatsika mtengo. Anafunsa kuti nsalu imayenda nthawi yaitali bwanji kuti idzafike pamakina awo. Anati miyezi itatu kuchokera tsiku loitanitsa: mwezi woiluka, mwezi ndi kanthu ili panyanja, masiku otsalawo pamsewu. Mayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamwa madzi atayenda ulendo wautali. Kenako anafunsa kuti kwawoko kulibe amayi odziwa kusoka.

Mlendoyo anati analiko. Mayi ake omubereka anasoka malaya zaka makumi awiri, mpaka fakitale yawo inatsekedwa, ntchito n'kupita kumayiko ena.

"Inabwera kuno?" anafunsa mayi.

"Akuti inayamba yapita kwina, kenako kwina, kenako kuno."

"Ndiye kuti imayenda."

"Akuti imayenda."

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma mayi anaweramira kutsogolo n'kufunsa, mwaulemu wonse, kuti mlendo akhala masiku angati. Anati anyamuka mawa.

"Ndimati mukanakhalako pang'ono," anatero mayi. "Miyezi iwiri yokha, mpaka mwana wangayu achire. Iyeyu amasita kumbuyo uko. Poti inu mukakhala pano chitseko chimatseguka."

Womasulira anawayang'ana mayi, ngati akuwapatsa mpata woti abweze mawu. Mayi sanaphethire. Mtsikanayo anamasulira, ndipo mlendo anatsegulanso kope lija.

Mpaka lero sindidziwa ngati liwulo linawapulumuka kapena analikonza masiku atatu aja ankandionerera ndikudya. Ndinawafunsapo, anati iwo anayankha zonse monga mwa pepala, ndipo palibe amene anawaletsa kufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlendoyo anabwerera kuchitseko chija, anagwada n'kuyang'ana dzimbiri la m'mahinjesi, anaona udzu wosapondedwa kunja kwake, n'kuitanitsa mlonda. Bambo anabwera ataimika chifuwa, yunifolomu yosita ine. Atawafunsa amene amasunga kiyi anati ndi iwo. Atawafunsa amene anawalamula kukhoma anayang'ana bwana, bwana n'kuyang'ana kudenga. Bambo sanayankhe.

Lolemba lotsatira anawachotsa ntchito. Kalata inati kafukufuku wapeza kuti mlonda ankakhoma chitseko mwa nzeru zake, akuluakulu osadziwa, ndipo kampani yachitapo kanthu msanga. Chitsekocho chinakhala chotsegula, anabweretsanso mafani awiri. Amayi a kosita ankawagwira mayi m'manja, ena mpaka kuwagulira zakumwa. Kunyumba kunali kwina. Bambo ankakhala pampando pansi pa zenera, dzanja likupita lokha m'chiuno kukafuna makiyi amene kunalibe.

"Mwendo umodzi wathyoka," bambo anawauza mayi. "Walira mvula walira matope. Mwafunsa, mwayankhidwa."

"Mukanangonena kuti anakulamulani ndi bwana."

"Kuti atichotse tonse atatu tsiku limodzi? Ine ndinatseka pakamwa kuti inu awiri mutsale. Wina m'nyumba muno ayenera kudziwa kutseka."

Ndinawamvera chisoni onse awiri, komanso onse awiri anandikwiyitsa, chifukwa aliyense ankati akuchitira ine, pamene ine palibe anandifunsa. Mphepo ija ndinkaipuma tsiku lililonse ndikudziwa kuti yagulidwa ndi ntchito ya bambo anga, ndipo sinkakomanso ngati tsiku loyamba.

Patatha milungu itatu chichokere mlendo, nsalu inatha. Odula anayamba kukhala pamatebulo awo miyendo ili lende, kenako osoka manja, kenako a makolala. Ife osita ndife tinamaliza, kusita malaya omaliza mosamala ngati kuti kuchedwetsa kungathandize. Lachisanu kapitawo anakwera pakatoni yake n'kulengeza kuti ogula aja akhumudwa ndi lipoti la mlendo, ndipo ntchito aipititsa dziko lina. Fakitale itsekedwa kumapeto kwa mwezi. Sanatchule dzina la munthu. Anangoti pakamwa pamodzi pamwetsa anthu mazana atatu madzi ometera, ndipo mitu yonse inatembenukira kumzere wa makolala.

Amene ankawagwira m'manja aja anasiya kuwapatsa moni. Kumpopi amayi ankasuntha ndowa zawo mayi akafika. Wina anatiponyera mulu wa zidutswa za nsalu pakhomo. Mayi anazitola n'kuzisankha, ati zina zikhala matewera. Koma masiku awiri sanafunse funso ngakhale limodzi, ndipo nyumba inakhala ngati mwatuluka maliro.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza ataima pa kalendala ya kukhoma, chala chikuyenda chobwerera m'mbuyo. Anaitana bambo.

"Bambo ake mwana, mlendo uja anabwera liti?"

"Musandiyambe."

"Milungu itatu ndi masiku. Nsalu imayenda miyezi itatu kuchokera tsiku loitanitsa, anandiuza yekha. Ndiye nsalu imene sinafike sabata yathayi, anasiya kuitanitsa liti?"

Bambo anawerengera chamumtima, milomo ikuyenda. Pa masamu anali munthu wosanama.

"Mapepala aja asanabwere," anatero pomaliza.

"Penti asanapake. Ine ndisanatsegule pakamwa. Anthuwa anali atanyamuka kale, ife timaloweza mayankho m'nyumba yosamuka."

Anatenga mpango wawo n'kupita kuchipata cha fakitale, kumene anthu ankasonkhana m'mawa uliwonse mosadziwa kuti akudikira chiyani. Ndinawatsatira pang'onopang'ono ndi mimba yanga. Anafotokoza zonse, akuwerenga miyezi pa zala. Ena anamvetsa, ndinaona m'maso mwawo. Koma mayi wina wosoka matumba anati kaya nsalu imayenda miyezi itatu kaya khumi, ana ake sadya kalendala. Anthu anabalalika. Munthu akapsa mtima amafuna woti amuloze chala, ndipo mayi anali pafupi kusiyana ndi sitima ya panyanja.

Loweruka masana kapitawo anatulukira kunyumba kwathu, chipewa chili m'manja. Tinadabwa, chifukwa munthuyu sankadziwa kuti anthu amakhala ndi nyumba. Bambo anamupatsa mpando mwaulemu umene sanauyenere. Anazungulira, za kutentha, za mimba yanga, kenako anafika. Anati bwana ali ndi fakitale ina m'dziko loyandikana nalo, masiku awiri pabasi, ndipo makina athu akupita kumeneko. Atsikana alembedwa kale, koma kolala ikuwavuta, akuwononga nsalu yambiri. Pakufunika munthu wa manja abwino akawaphunzitse miyezi itatu. Bwana wati palibe wina woposa a Bwanji. Basi inyamuka Lachitatu.

"Fakitale imeneyo anaimanga liti?" anafunsa mayi.

Kapitawo anati denga anamaliza chaka chatha, kenako anazindikira chimene wanena n'kuyamba kupukuta chipewa.

"Ndiye munthu amene wagwetsa fakitale ndi pakamwa pake, bwana akumutuma kukatsegula ina?"

"Bwana sasunga mangawa, mayi."

"Mukanene zimenezi kuchipata kuja, mutakwera pakatoni."

Anati zimenezo si za iye, iye wangotumidwa, ndipo yankho alifuna Lolemba. Atachoka tinakhala atatu pakhonde, palibe woyang'ana mnzake.

Ine ndinayamba. Ndinati sapita. Ndinati munthu amene anapempha mlendo kuti adikire mpaka ndichire sangachoke yekha kutatsala milungu itatu. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena, chifukwa anali mwana wanga woyamba ndipo ndinkaopa. Ndinatinso anthu adzati anagulidwa, kuti anagwetsa anzake n'kukwera basi. Mayi anavomereza zonse. Anati n'zoona, ndipo choipa kwambiri n'chakuti akaphunzitsa ana a eni kuwalanda iwo omwe ntchito, kuti pakatha miyezi itatu adzabwere kudzakhala pansi mpaka kalekale. Anati sapita. Koma ponena mawuwo maso awo anali kumsewu, ndipo ine ndimawadziwa mayi anga. Moyo wawo wonse ankafuna kuona kumene zinthu zimapita, ndipo khomo lokhalo limene linawatsegukira linali lonyansa chonchi.

Tonse tinkadikira kuti bambo atseke nkhaniyo, poti kutseka ndiyo inali ntchito yawo. Anakhala nthawi yaitali akusisita maondo.

"Miyendo itatu yonse yathyoka," anatero. "Kukubwera kamwa lachinayi. Mwana adzachira, azakhali ake alipo, ine ndilipo. Pitani."

"Mukundithamangitsa?"

"Ndikukutumani." Anatembenukira kwa ine, koma maso sanafike pankhope panga. "Iwe, zaka zinayi ndakhala ndikukhoma chitseko chija iwe uli m'kati. M'mawa uliwonse ndinkagwedeza loko kuti ndione ngati wagwira. Ndinkadziuza kuti ndi lamulo, ndipo sindinafunsepo kuti bwanji. Tsiku unakomoka lija ndinamva phokoso ndili kuchipata, ndipo ndinathamangira kwa bwana kukapempha chilolezo choti nditsegule. Kukapempha. Pobwera anali atakutulutsa kale."

Bambo anga sanali munthu wolankhula zotere, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Ndinawagwira dzanja, iwo n'kulisiya momwemo.

Lachitatu m'mawa tinawaperekeza mayi kokwerera basi. Pa anzawo onse a kuntchito panabwera awiri okha, ndipo mmodzi anangobwera kudzaona ngati n'zoona. Mayi anali atayamba kale kumufunsa kondakitala kuti pamalire amaima nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anthu a uko amamva chilankhulo chathu. Anandigwira mimba, anandiuza zoti ndichite ndi zoti ndisachite, zomwe anali atandiuza kale kasanu. Misozi inali m'maso, koma phazi linali kale pa sitepe.

Atakhala pampando wa pazenera, bambo anayandikira n'kugogoda galasi. Mayi analitsegula. Ndinkaganiza kuti awauza zosamala chikwama, kapena zoti kumeneko akatseke pakamwa.

"Mukakafika musakayambe ndi makina," anatero bambo. "Mukazungulire kaye kuseri. Mukapeza munthu ali ndi makiyi."

"Ndikamuuze chiyani?"

"Musakamuuze kanthu, sakamva. Ine sindinkamva. Mukangomufunsa."

"Kuti bwanji?"

"Mukamufunse ngati ali ndi mwana m'katimo."

Basi inaliza hutala n'kuyamba kuyenda. Bambo anaima pomwepo mpaka inakhota, kenako ananditengera chikwama changa, ndipo tinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, iwo akuyenda mbali ya kumsewu.